Ali: Dzina la Zilembo Zitatu Lomwe Linayenda Kuchoka ku Makka Kudzafika ku Thuchila

 Tikuyamika Allah (Subhanahu wa Ta'ala) yemwe watifikitsanso m'mwezi wolemekezeka wa Ramadhan tili amoyo. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Aliyense amene anakhalapo pa mkeka wa madrassa kuno ku Thuchila akudziwa kaseko kamene kamabuka mwalimu akamaitana mayina. Akafika pa mnyamata wina amafunsa kuti, "Ali ali kuti?" Ana amayankha pamodzi, "Ali alipo!" kapena "Ali ali kudimba!" Nthabwalayi ndi yakale, makolo athu anaiseka, ifenso tinaiseka. Imatheka chifukwa mawu oti "ali" timawanena kambirimbiri tsiku lililonse m'Chichewa, ndipo abale athu a Chiyao akamalonjerana amati "Ali uli?" Choncho dzinali limamveka ngati linabadwira kuno kwathu, moti ambiri sitiima n'komwe kuti tifunse kumene linachokera.

Kuzolowera kumeneku kuli ndi vuto lake. Masiku ano timamva makolo ena achinyamata akunena kuti Ali ndi dzina wamba, la agogo, ndipo amakafufuza pa intaneti dzina lalitali lomveka lachilendo, ngakhale tanthauzo lake sakulidziwa. M'masiku khumi omaliza a Ramadhan ano tati tilitsate dzinali, chifukwa munthu amene analitchukitsa anakanthidwa pa 19 Ramadhan n'kumwalira pa 21 Ramadhan. Tikaona kumene linachokera, mtengo umene anthu analipira kuti alisunge, ndi njira imene linadzera kuti lifike m'munsi mwa phiri la Mulanje, mwina tisiya kuliona ngati lopepuka.

Tsinde la dzinali

M'Chiarabu dzinali limalembedwa ndi zilembo zitatu: Ain, Lam ndi Ya. Limachokera ku tsinde la mawu lomwe limanena za kukwera, kutalika ndi kukhala pamwamba. Choncho Ali ndi munthu wokwezeka, wapamwamba pa ulemerero.

Tsinde limeneli timalinena tsiku lililonse osazindikira. Tikamatchula Allah n'kuwonjezera mawu oti "Ta'ala", tikugwiritsa ntchito tsinde lomwelo. Sura ya 87 ya Qur'an yolemekezeka, imene maimamu ambiri amaiwerenga mu swala ya Witr usiku uliwonse wa Ramadhan, imatchedwa Al-A'la, kutanthauza Wapamwambamwamba. Limodzi mwa mayina abwino a Allah ndi Al-Aliyy, ndipo limapezeka kumapeto kwa Ayatul Kursi imene timaphunzitsa ana athu kuwerenga asanagone. Dzina la atsikana loti Aliya ndi mlongo wake wa dzina lomweli.

Apa ma ulama anatisiyanitsira zinthu ziwiri. Munthu akhoza kutchedwa Ali, popeza Allah amakweza amene wamufuna mwa akapolo ake. Koma kukwezeka kopanda malire n'kwa Allah yekha, ndiye chifukwa chake amene akufuna kulumikiza dzina la mwana wake ku dzina la Allah amati Abdul-Aliyy, kapolo wa Wapamwambamwamba. Mawu oti "Abdul" sitiwaphatikiza ku dzina la cholengedwa chilichonse, ngakhale chikhale cholemekezeka bwanji.

Tsindeli silili m'Chiarabu mokha. Chihebri ndi chilankhulo chapachibale ndi Chiarabu, monga momwe Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe zilili pachibale. Anansi athu achikhristu amadziwa za wansembe Eli yemwe analera Samueli. Dzina lakelo m'Chihebri limayambanso ndi chilembo cha Ain, ndipo limanenanso za kukwera. Ndiye mukaona Ali ndi Eli akhala pa desiki imodzi kusukulu, dziwani kuti mayina awo anaphuka pa chitsa chimodzi.

Mwini dzina

Arabu ankalidziwa dzinali Chisilamu chisanafike, koma silinali lofala. Amene analifalitsa ndi Ali mwana wa Abu Talib (Radhiya Allahu anhu), wobadwira ku Makka cha m'ma 600. Bambo ake anali m'bale wa bambo a Mtumiki (SAW). Olemba mbiri amati mayi ake, Fatima bint Asad, anamutcha Haidar, limodzi mwa mayina a mkango, potsatira dzina la bambo awo lomwe limatanthauzanso mkango, koma Abu Talib anasankha dzina loti Ali. Dzina la mayi lija silinafe. Ali mwini analitchula pa nkhondo ya Khaybar m'chaka cha 628, ndipo mpaka lero kuli ana otchedwa Haidar.

Ku Makka kutagwa chilala, Muhammad (SAW), asanalandire utumiki, anamutenga Ali kukamulera kunyumba kwake pofuna kupeputsa mtolo wa Abu Talib yemwe anali ndi ana ambiri. Chivumbulutso chitabwera, Ali anakhulupirira ali ndi zaka pafupifupi 10, n'kukhala woyamba mwa ana kulowa Chisilamu. Usiku wa Hijra m'chaka cha 622, Akuraishi atazinga nyumba kuti aphe Mtumiki (SAW), Ali ndiye anagona pa mphasa yake. Anatsala ku Makka masiku angapo kubweza katundu yense amene anthu anasungitsa kwa Mtumiki, ngakhale kuti ambiri mwa eni katunduyo sanali Asilamu. Atamaliza ndi pomwe anauyamba ulendo wa ku Madina. Kumeneko anakwatira Fatima (RA), mwana wa Mtumiki, ndipo anabereka Hasan ndi Husain. Olemba mbiri ambiri amati Hasan anabadwa pakati pa mwezi wa Ramadhan m'chaka chachitatu cha Hijra.

Mabuku a hadith anasunga nkhani ya momwe anawa anapatsidwira mayina. Ali, pokhala msilikali, anafuna kumutcha mwana wake woyamba Harb, kutanthauza nkhondo. Mtumiki (SAW) sanalole, ndipo anamutcha Hasan, wabwino. Mwana wachiwiri atabadwa zinachitikanso chimodzimodzi. Ali sanaumirire, ngakhale kuti ana anali ake.

Pali dzina linanso lomwe tiyenera kulidziwa. Tsiku lina Ali anasemphana mawu ndi Fatima, monga zimachitikira m'banja lililonse, ndipo anatuluka n'kukagona mu mzikiti. Mtumiki (SAW) anamupeza chofunda chitagwa, msana uli fumbi lokhalokha. Anayamba kumusasa fumbilo ndi dzanja lake uku akumudzutsa ndi dzina loti Abu Turab, tate wa fumbi. Swahaba Sahl ibn Sa'd anafotokoza kuti panalibe dzina lina lomwe Ali ankalikonda kuposa limeneli. Taganizani, abale. Munthu amene dzina lake limatanthauza wapamwamba ankasangalala kwambiri akaitanidwa ndi dzina la dothi. Phunziro lalikulu la dzina loti Ali lagona pamenepa.

Ali anakhala Khalifa wachinayi m'chaka cha 656, pa nyengo yowawa pomwe Asilamu ankamenyana okhaokha, ndipo anasamutsira likulu ku Kufa, m'dziko la Iraq. Pa 19 Ramadhan m'chaka cha 40 cha Hijra, mu Januwale 661, munthu wa gulu la Khawarij wotchedwa Abdur-Rahman ibn Muljam anamutema pamutu ndi lupanga lapoizoni pa nthawi ya swala ya Fajr. Ali anakhala masiku awiri akuvutika. Pa masiku amenewo analamula kuti womutemayo apatsidwe chakudya ndi kusungidwa bwino, ndi kuti ngati iye amwalira, chilango chisapyole malire ndipo wina aliyense asaphedwe chifukwa cha mlanduwo. Anamwalira pa 21 Ramadhan.

Pamene dzinali linali loopsa kulitchula

Ali atamwalira, ulamuliro unapita kwa Banu Umayya, omwe analamulira kuchokera ku Damascus kuyambira 661 mpaka 750. Pa zaka zambiri za ulamulirowu, ndale zinachititsa kuti dzina la Ali lizinyozedwa pa mimbari ya mizikiti ina. Khalifa Umar ibn Abdul Aziz, yemwe analamulira kuyambira 717 mpaka 720, ndiye amakumbukiridwa kuti anathetsa mchitidwe umenewo. Olemba mbiri ya ofalitsa hadith anasunganso nkhani ya wofalitsa hadith wa ku Egypt, Ali ibn Rabah, yemwe ankadziwika kuti Ulayy, kutanthauza ka Ali kakang'ono, ndipo ena mwa olembawo amati dzinalo linapotozedwa chifukwa cha mantha a nthawi imeneyo.

Komabe mabanja ena sanagonje. Husain (RA), yemwe anaphedwa ku Karbala m'chaka cha 680, anatcha ana ake aamuna angapo dzina lomwelo la bambo ake. Mmodzi mwa iwo, Ali Zainul Abidin, anapulumuka ku Karbala, ndipo anthu a ku Madina anazindikira atamwalira kuti ndiye ankanyamula matumba a chakudya usiku n'kukasiya pamakomo a osauka. Swahaba wamkulu Abdullah ibn Abbas nayenso anatcha mwana wake Ali, ndipo zinalembedwa kuti mwanayo anabadwa m'Ramadhan yomwe Khalifa anaphedwa. Adzukulu a mwana ameneyu, As-Saffah ndi Al-Mansur, ndiwo anadzakhala makhalifa awiri oyamba a Banu Abbas, ndipo Al-Mansur ndiye anamanga mzinda wa Baghdad m'chaka cha 762.

Ena amaganiza kuti dzinali ndi la Ashia okha. Mbiri ikukana zimenezi. Ali mwini anatcha ana ake ena Abu Bakr, Umar ndi Uthman. Imam Abul Hasan Al-Ash'ari, yemwe ambiri mwa Ahlus Sunna amatsatira kafotokozedwe kake ka chikhulupiriro, dzina lake lenileni linali Ali. Al-Mawardi, katswiri wa malamulo wa madhhab a Imam Shafi'i omwe ambirife kuno timatsatira, anali Ali, ndipo anamwalira ku Baghdad mu 1058. Ibn Hazm wa ku Cordoba m'dziko la Spain analinso Ali. Sing'anga wotchuka Ibn Sina ankatchedwa Abu Ali. Kukonda akubanja la Mtumiki (SAW) ndi gawo la chikhulupiriro cha Msilamu aliyense.

M'malilime a mitundu

Chisilamu chitafalikira, dzinali linakumana ndi vuto limodzi kulikonse kumene linapita: chilembo cha Ain. Chimatuluka pakati pa mmero, ndipo zilankhulo zambiri zilibe liwu lotere. Aliyense amene anavutikapo nacho pophunzira tajwid akudziwa. Mtundu uliwonse unapeza njira yake.

Aperisi, Aturuki, Aswahili ndi anthu a ku Indonesia anangochisiya, n'kumati Ali monga timanenera ife. Asomali ali nalo liwulo m'chilankhulo chawo, ndiye atakhazikitsa kalembedwe ka zilembo za Chilatini mu 1972 anasankha chilembo cha C kuti chiziimira Ain. Mukaona Msomali walemba kuti Cali, musawerenge "Kali" kapena "Chali", ameneyo ndi Ali. Akurdi amalemba Elî. Ku Bosnia amati Alija, monga Alija Izetbegović, mtsogoleri wa dzikolo pamene linkadziimira palokha mu 1992. Azungu akale omwe ankamasulira mabuku a Asilamu m'Chilatini anayesa kuimira Ain ndi H, moti sing'anga Ali ibn Abbas Al-Majusi, yemwe buku lake linkaphunzitsidwa ku Ulaya, ankamudziwa kuti Haly Abbas.

Ku West Africa kunachitika chinthu chomwe chingasangalatse ophunzira nahw. Kumeneko dzinali linafalikira kudzera m'mabuku ndi m'masukulu a Qur'an, ndiye anthu analitenga pamodzi ndi mathero ake a galamala. Ahausa a ku Nigeria amati Aliyu, potsatira Aliyyu. Ku Senegal kuli Aliou, ndiponso Alioune potsatira Aliyyun, tanwin yake ili pomwepo. Okonda mpira akukumbukira Aliou Cissé, yemwe anali mphunzitsi wa timu ya Senegal yomwe Flames inalepherana nayo 0-0 mu Januwale 2022 ku Cameroon, isanakatenge chikho cha Africa mwezi wotsatira. Ambirife tinkamva dzina lakelo pa wailesi osadziwa kuti ndi mnzake wa dzina wa mnyamata wa pa madrassa uja.

Kusiya Ain si tchimo poitana mwana kuti adzadye futali. Koma ophunzira adziwe kuti m'Chiarabu chilembo chimodzi chimasintha tanthauzo. M'Chiarabu cha masiku ano, mawu omveka ngati "aali" opanda Ain amanena za chinthu choyenda ndi makina. Ndiye powerenga Qur'an ndi potchula mayina a Allah, tiyesetse kuti Ain imveke.

Njira ya ku Kilwa

Nanga kwathu kuno linafika bwanji? Linadzera kunyanja yamchere. Mbiri yakale ya mzinda wa Kilwa, kugombe la Tanzania, imati ufumu wa kumeneko unayambitsidwa ndi Ali bin Al-Hasan wa ku Shiraz. Akatswiri amatsutsana pa za Shiraz, koma ofukula zakale anapeza ndalama zachitsulo zolembedwa dzina lake ku Kilwa ndi pa chilumba cha Pemba, za zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Choncho dzina loti Ali ndi limodzi mwa mayina akale kwambiri olembedwa omwe apezeka kum'mawa kwa Africa kuno.

Kwa zaka zambiri Ayao ankayenda ulendo wa miyezi kuchoka kwawo, kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, kukagulitsa minyanga ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mchere. Sitibisa kuti m'zaka za m'ma 1800 njira zomwezo zinadzaza ndi akapolo, ndipo mafumu ena amene anadzalandira Chisilamu anali m'malonda oipawo. Mbiri yoona imanena zonse. Koma m'njira zomwezo munadutsanso alembi ndi aalimu a Chiswahili okhala ndi Qur'an ndi mapale olembapo. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Mfumu Makanjila inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena a Chiyao anatsatira. Pambuyo pake mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, omwe anakaphunzira kugombe, anaphunzitsa ophunzira ambiri omwe anabalalika m'midzi. Mu 1929 mayi Mtumwa binti Ali anabwera ku Nkhotakota kuchokera ku Zanzibar ndi twarika ya Qadiriyya, yomwe ambiri amaidziwira ku sikiri. M'dzina la mayi ameneyu dzina lathu lija lilimo.

Kuno kum'mwera, magulu a Ayao anayamba kufika cha m'ma 1860. Amishoni oyamba omwe anakhazikika ku Magomero mu 1861 anawapeza akulowa m'dera la Amang'anja. Kuzungulira phiri la Mulanje kunakhazikika mafumu monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu, ndipo Angerezi anamanga linga la Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira ya akapolo yopita ku Quelimane. Kenaka kunabwera Alomwe ambirimbiri kuchoka ku Mozambique, ambiri kudzagwira ntchito m'maesiteti. Mitunduyi inakwatirana, ndipo mayina anawoloka malire a mitundu. Ngakhale dzina la ufumu wa Juma m'boma lathu lino ndi la m'njira yomweyi, lochokera ku liwu la Chiarabu la tsiku Lachisanu.

Lilime la Chiyao ndi la Chichewa limafuna kuti liwu lithere pa a, e, i, o kapena u, ndipo silikonda zilembo zopanikizana. Ndiye Ismail anasanduka Sumaila, Ja'far anakhala Jafali, Hamid anakhala Amidu, Tayyib anakhala Twaibu, Sulaiman anakhala Selemani. Ali yekha analowa osasintha kanthu, kupatula Ain ija, chifukwa anali kale m'kamangidwe ka mawu athu. Anangovekedwa ulemu wa kuno. Mwamuna anakhala Che Ali. Mwana wake wamkazi anakhala Abiti Ali, kuchokera ku liwu loti binti. Ndipo ulemu wa Chiswahili woti Bwana Ali unamatirira n'kukhala dzina limodzi, Bwanali, lomwe lero ndi dzina la mabanja ambiri m'Malawi, achisilamu ndi achikhristu omwe. Kwa anansi athu nakonso dzinali linafika pamwamba. Ali Hassan Mwinyi anali pulezidenti wa Tanzania kuyambira 1985 mpaka 1995, ndipo Aires Ali, mbadwa ya chigawo cha Niassa, anali nduna yaikulu ya Mozambique kuyambira 2010 mpaka 2012.

Ofanana mamvekedwe, osiyana mizu

Si Ali aliyense amene ndi Ali wa Chiarabu. Kwa Angerezi, Ali kapena Ally kawirikawiri ndi chidule cha Alison, Alice kapena Alexandra, ndipo ambiri otchedwa choncho ndi akazi. Abale athu omwe ali ku Johannesburg kapena ku Leicester amakumana nazo zimenezi. Kuno kwathu kuli Alinafe ndi Alinane, mayina okoma a Chichewa onena kuti Mulungu ali nafe, ndipo ena amawafupikitsa n'kumangoti Ali. Pomwe kampani ya ku China ya Alibaba, yomwe inayamba mu 1999 ndipo amalonda athu ena amaodako katundu, inatenga dzina lake ku nthano yakale ya Chiarabu ya Ali Baba. Ameneyo ndi Ali wathu yemwe, wangofika kudzera m'nthano.

Phunziro lake ndi lakuti khutu lokha silingatiuze tanthauzo la dzina. Mayina awiri akhoza kumveka chimodzimodzi koma mizu yake n'kukhala kutali ngati Thuchila ndi Makka. Makolo omwe amasankha dzina chifukwa choti likumveka ngati la Chiarabu ayenera kusamala, pakuti si liwu lililonse la Chiarabu, ngakhale lopezeka m'Qur'an, lomwe ndi loyenera kukhala dzina la mwana.

Mtengo wa kusunga dzina

Agogo athu analipira mtengo pa mayina amenewa. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali m'manja mwa mamishoni. Makolo ambiri achisilamu sankatumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo, ndipo ana ambiri omwe anapitako anatenga dzina lina loti azidziwika nalo m'kaundula. M'mabanja athu ambiri muli agogo omwe kunyumba anali Ali koma pa satifiketi pali dzina lina. Sitikuwaweruza, anachita zomwe akanatha. Koma ena anataya mwayi wa sukulu, ena anabisa dzina, kuti ife lero tilembe mayina athu poyera popanda wotiletsa.

Kutsidya kwa nyanja kunali munthu amene analimenyera nkhondo dzina lomweli. Cassius Clay, wankhonya wa ku Louisville m'dziko la America, atagonjetsa Sonny Liston mu 1964 anatenga dzina loti Muhammad Ali, ponena kuti dzina lakalelo linali la eni akapolo omwe anasunga makolo ake. Manyuzipepala ambiri anakana kulilemba kwa zaka zingapo. Mu 1967 Ernie Terrell anaumirira kumutchula dzina lakale, ndipo Ali anamumenya ndime zonse 15 uku akumufunsa kuti dzina lake ndani. Pa 30 Okutobala 1974, atagonjetsa George Foreman ku Kinshasa, khamu la Aafirika linkafuula dzina la zilembo zitatu lija. Mdzukulu wa akapolo analitola dzinali ngati chuma. Kodi ife amene tinalilandira kwaulere tilitaye ngati chiguduli?

Kwa makolo ndi ophunzira

Sitikunena kuti mwana wamwamuna aliyense azitchedwa Ali. Mayina abwino ndi ambiri, ndipo Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti Abdullah ndi Abdur-Rahman ndi okondedwa kwambiri kwa Allah. Dzina la Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe la tanthauzo labwino nalonso ndi lololedwa. Chomwe tikupempha ndi zinthu zitatu.

Choyamba, dzina labwino ndi ufulu wa mwana pa makolo ake. Lisanakwane tsiku lachisanu ndi chiwiri, tsiku la aqiqa ndi kumeta tsitsi, funsani a shehe kapena mwalimu tanthauzo la dzina lomwe mwasankha. Ngati Ali mwini anavomera kuwongoleredwa pa dzina la mwana wake, ife ndani kuti tichite manyazi kufunsa?

Chachiwiri, sankhani kalembedwe kamodzi. Pa mapepala athu timaona Ali, Alli, Ally ndi Alie, nthawi zina zonsezi za munthu mmodzi. Kuyambira 2017 pomwe kalembera wa ziphaso za unzika anachitika m'dziko muno, chilembo chimodzi chosiyana pakati pa chiphaso, satifiketi ya mayeso ndi pasipoti chikhoza kuchedwetsa ntchito, sukulu, ngakhale ulendo wa Hajj. Mmene mwalembera pa khadi la kusikelo, muzilemba choncho mpaka kalekale.

Chachitatu, muuzeni mwana nkhani ya dzina lake. Ali wa m'nyumba mwanu adziwe za mnyamata amene anagona pa mphasa ya Mtumiki adani ali pakhomo, amene anabweza katundu wa eni mpaka womaliza, amene analamula kuti womupha apatsidwe chakudya. Aisha, Amina, Mariamu, Yusufu ndi Mussa nawonso adziwe za eni mayina awo. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi ino, banja likakhala pamodzi kudikira Maghrib kapena podya daku.

Ndipo inu a Ali, kumbukirani tanthauzo lonse la dzina lanu. Tikaima pa msika wa Thuchila kunja kutayera timaona phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Koma mpunga, chimanga ndi masamba zomwe timadyera futali sizimera pansongapo. Zimamera chifukwa madzi a pamwambawo amatsika m'mtsinje wa Thuchila n'kudzanyowetsa madimba a m'chigwa. Umo ndi momwe analili mwini dzina lanu, wokwezeka amene ankakonda kutchedwa tate wa fumbi. Ifenso timatchula kukwezeka kwa Mbuye wathu pa sijida, chipumi chili pansi.

Mwalimu akadzafunsanso kuti "Ali ali kuti?", tiseke monga mwa kale. Koma usiku wa 21 uno, womwe ndi woyamba mwa mausiku omwe timafunafuna Laylatul Qadr, yankho labwino lingakhale lakuti Ali ali mu mzikiti, pa mzere wa swala, atabweza kale ngongole ya mnansi wake.

Allah asangalale ndi Ali, Abu Bakr, Umar, Uthman ndi maswahaba onse. Awachitire chifundo agogo athu omwe anatisungira mayinawa pa nthawi yovuta. Alandire kufunga kwathu ndi kuima kwathu usiku, ndipo awapange ana athu kukhala oyenera mayina amene tinawapatsa. Ameen.